Phunziro la mwezi uno: Zimene mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatiuza mvula ikayandikira



Ife a kunyanja kuwerenga madzi timakudziwa. Mwera ukaleka, mpoto n'kuyamba kuwomba, sitifunsa munthu kuti chaka chafika pati. Nkhungu zikatuluka ngati utsi pakati pa nyanja mwezi uli mumdima, ngakhale mwana amadziwa kuti si moto umenewo. Koma tikatembenuka n'kuyang'ana kumadzulo, kumene kuli mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ambiri a ife timangoona mapiri basi. Timati za kumeneko n'za eni ake olima fodya ndi soya.

Chonsecho madzi amene timamwa, kuthirira mpunga ndi kuponyamo maukonde amachokera komweko. Lingadzi ndi Chirua amatsika kuchokera kumtunda kumeneku n'kudzathira m'nyanja. Kaombe, amene timawoloka tikangodutsa pa boma la Nkhotakota kulowera kumpoto, gwero lake lili ku Ntchisi. Lifuliza ndi Likoa, mitsinje yodzaza nyanja ya Chia, nayonso imachokera m'zitunda za Ntchisi. Bua amalambalala boma la Ntchisi asanalowe m'nkhalango ya Nkhotakota. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: chimene chachitika kuphiri mu Okutobala, ife timachilandira padoko mu Januwale, kaya ndi madzi oyera kaya ndi matope.

Kumapiriko timapitako kale. Ena timakwera ndi madengu a usipa kudzera ku Mwansambo kapena ku Mvera, n'kubwerako ndi chimanga, nyemba ndi mbatata. Phunziro la lero likutipempha chinthu chimodzi chokha: tikamakwera m'miyezi ino ya Okutobala ndi Novembala, tiziyenda maso ndi makutu zili zotsegula. Nyengo yotseka nyanja imayamba pa 1 Novembala, choncho ambiri a ife mpata tili nawo woyenda tsiku limodzi kapena awiri ndi ana athu.

Tisananyamuke

Nyanja yathu ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Nsonga ya phiri la Ntchisi imapitirira mamita 1,600. Kukwera mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, n'chifukwa chake munthu wochoka ku Benga thukuta lili kamukamu amakafuna juzi kuphiri m'mamawa. Tengani juzi, madzi akumwa, kope ndi pensulo. Nsapato zikhale zotseka, pakuti nyengo ino mphiri zimatuluka ndipo sizithawa munthu. Nthawi yabwino yoyenda ndi pomwe tangomaliza Swala ya Fajr mpaka cha m'ma 9 koloko. Dzuwa likakwera mbalame zimangoti zii.

Pali mwambo umene tiyenera kuusunga. M'midzi ya Achewa ku Dowa ndi ku Ntchisi, mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda yoyera, nthawi zambiri amenewo ndi manda, ndipo ena mwa malo otere ndi dambwe. Mbalame zimakhalamo zambiri, n'zoona, koma mlendo salowamo. Tizimvera tili kunja kuno. Tikafika pamudzi tiyambe talonjera a mfumu n'kunena chimene tadzera, ndipo tikafuna kulowa m'nkhalango ya boma tionane ndi a zankhalango. Safunsa anadya phula.

Zizindikiro zimene sizidikira mvula

Pakati pa zonse zimene tione, tiyenera kusiyanitsa magulu awiri. Pali zolengedwa zimene zimatsata dzuwa ndi kutentha: nthawi yake ikakwana zimaoneka, kaya mvula ibwera msanga kaya ichedwa. Ndiye pali zina zimene sizituluka mpaka nthaka itanyowa. Mlimi wosokoneza magulu awiriwa ndi amene amataya mbewu. Masiku ano thumba la mbewu ya chimanga mtengo wake tonse tikuudziwa, ndipo kubzala kawiri si masewera.

Choyamba kutilandira pachitunda ndi mphukira. Mitengo ya tsamba, mombo ndi inzake imayoyola masamba m'chisanu, kenaka kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ofiirira ngati tiyi, ena otuwira. Phiri lonse limangoti psuu, patapita masabata angapo n'kusanduka lobiriwira. Taonani kuti izi zimachitika kusanagwe ndi dontho lomwe. Mitengoyi mizu yake ndi yakuya, imamwa madzi a chaka chatha. Kufiira kwa masamba anthetewo kumawateteza ku dzuwa la chilimwe. Choncho mphukira ikutiuza kuti kutentha kwafika, timalize kugalauza ndi kukonza mizere. Sikutiuza kuti tibzale ayi.

Chimodzimodzi maluwa a mitengo. Muwale umachita maluwa ofiira uli wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo a choso, timbalame ta milomo yaitali yokhota, amangoti piringupiringu pamenepo. Mlombwa umachita maluwa achikasu onunkhira. Kumunsi kwathu kuno mvunguti umagwetsa maluwa ake akuluakulu ofiira moderako, amene amatseguka usiku n'kuchezeredwa ndi mileme, ndipo mlambe umatsatira ndi maluwa oyera olendewera. Zonsezi n'za kalendala ya dzuwa. Nyenje nazonso, zija zimalira mpaka makutu kuwawa masana a mu Okutobala: ana ake amakhala m'nthaka zaka zingapo akuyamwa mizu ya mitengo, ndipo amatuluka kukatentha. Mukapeza zikhungwa zake zopanda kanthu zitamatirira pa makungwa, aonetseni ana, aone pamsana pong'ambika pamene mwini wake anatulukira.

Tsopano mbalame za ulendo. Woyamba kufika ndi mphamba uja wa mchira wa mphanda ndi mlomo wachikasu, ena amati kamtema, amene amatilanda anapiye ndi matumbo a nsomba padoko. M'miyezi yozizira sitimuona kawirikawiri, amabwera cha mu Ogasiti kuchokera m'maiko a kumpoto kwathu, mu Africa momwe muno. Iyeyu amafika mvula idakali kutali zedi.

Namzeze tiyenera kumuyang'anitsitsa, pakuti anamzeze si amodzi. Alipo a konkuno, omanga zisa zamatope pansi pa milatho ndi m'makonde a masukulu. Ndiye alipo alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia, amene amayamba kufika mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Mlendoyu mumuzindikira chonchi: msana wakuda wonyezimira, pakhosi pofiirira, kamzere kakuda pachifuwa, mimba yoyera. Kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 20 basi, koma amauluka makilomita masauzande angapo, kudutsa chipululu cha Sahara. Kuno samanga chisa, amadzangodya. Madzulo amasonkhana mazanamazana pa mawaya a magetsi ndipo amagona m'mabango, monga a m'mbali mwa Chia. Tikatentha mabango onse mu Okutobala, tatentha chigono cha mbalame imene tsiku lonse imatidyera tizilombo touluka pamwamba pa minda ya mpunga.

Afulagombe nawo amafika nthawi yomweyi. Kawirikawiri timayamba kuwamva tisanawaone: gulu likudutsa m'mwamba kwambiri likulira ngati wenzulo wothira madzi. Akatera pa nthambi youma muona pakhosi pachikasu, pamimba pobiriwira mwa mtambo, msana wofiirira. Oweta njuchi samawakonda chifukwa amadya njuchi, koma amadyanso mavu ndi inswa.

Pali mbalame ina imene aliyense woyenda m'mapiri awa anaimvapo koma ochepa anaiona. Imalira mawu atatu otsika, loyamba lokwera, lachiwiri lapakati, lachitatu lotsika, n'kubwereza osatopa, nthawi zina ngakhale usiku. Imakhala pamwamba pa mitengo yowirira, ndi yotuwa, pachifuwa pofiirira. Ku Joni amaitcha Piet-my-vrou potsata kaliridwe kakeko. Chisa simanga, imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina n'kuisiyira ntchito yolera. Anthu ambiri amati ikalira ndiye kuti mvula yafika. Chenjerani apa. Imayamba kulira mu Seputembala kapena Okutobala chifukwa nthawi yake yoswana yakwana, ndipo mvula yobzalira ikhoza kutenga mwezi wathunthu kapena kuposa. Ubwino wake weniweni ndi wakuti imadya mbozi zaubweya zimene mbalame zina zimakana.

Amene mudzagone kuphiri, tulukani panja kachisisira pafupi ndi tchire la miombo. Mukachita mwayi mudzaona lumbe wa mtundu wina, wamwamuna wake ali ndi nthenga imodzi yaitali yoyera kuphiko lililonse, ikukwekwereka m'mbuyo ngati nsalu. Amachokera kumpoto kwa Equator kudzaswana kuno. Mazira amangoikira pansi pa masamba ouma, opanda chisa. Moto wa mu Okutobala ndi Novembala, uja timayatsa posaka mbewa kapena pofuna msipu, umapsereza mazira amenewa limodzi ndi a nkhwali ndi nkhanga.

Ana a kumadrasa amene anamva za hudhud adzakondwa kudziwa kuti mtundu wake kuno uliko. Ndi mbalame yofiirira, mapiko a mizere yakuda ndi yoyera, ya tsumba pamutu limene imalitambasula ikangotera. Imayenda pansi m'malo oyera n'kumazika mlomo wake wautali m'dothi kufuna mphutsi, zomwe zija zimadula mizu ya mbewu.

Zizindikiro za nthaka yonyowa

Mvula yoyamba, chizimalupsa, imagwa kawirikawiri mu Okutobala. Ntchito yake ndi ya dzina lake: kuzima phulusa la lupsa ndi kugoneka fumbi. Fungo lake limanyenga, ndipo chaka chilichonse pamakhala wina amene mtima umamuthamanga n'kukabzala. Mbewu imamera, dzuwa n'kubweranso masabata atatu, zonse n'kupserera.

Apa ndi pamene gulu lachiwiri limatithandiza. Abongololo akayamba kuyendayenda paliponse, achule n'kuyamba kusokosa m'madambo usiku wonse, ndiye kuti chinyezi chalowa. Mafulufute amatuluka m'nthaka mvula yoyambirira ikagwa bwino. Inswa zimadikira kuti dothi lifewe, chifukwa zikauluka n'kuthothola mapiko zimafunika kukumba pansi kuti ziyambe chulu chatsopano. Pa dothi louma gwa sizingathe. Tsiku limene inswa zatuluka zambiri, yang'anani kumwamba: mphamba, anamzeze, afulagombe, nthengu, ngakhale ziwombankhanga zochokera kutali zimasonkhana pa chulu chimodzi. Palibe tsiku lina lophunzirira mbalame loposa limeneli.

Cha mu Novembala kumafika adokowe akuda a mimba yoyera, amene amaswana kumpoto m'maiko ngati Niger, Chad ndi Sudan. Awa amatsata mvula yeniyeni, amapita kumene yagwa chifukwa ndi kumene kuli ziwala ndi mbozi. Amayenda pansi m'magulu, m'minda ndi m'madambo. Mukawaona m'munda mwanu musawathamangitse, ndipo anyamata a malegeni auzeni. Tonse tikukumbukira ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 ndi 2017, mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Mbalame sizingathetse mliri wotere zokha, koma chilichonse chodya mbozi ndi ziwala ndi wantchito wosalipidwa.

Maluwa a pansi nawo amayankha mvula. Pa lupsa ndi m'mithunzi ya miyala mumatuluka duwa lofiira lozungulira ngati mpira, lalikulu ngati chibakera, lili pa kamtengo kamodzi kopanda masamba. Masamba amabwera pambuyo. Pansi pake pali chinthu chonga anyezi, ndipo n'chapoizoni. Mvula ikakhazikika, mu Disembala ndi Januwale, kumabwera duwa lina loyanga, la masamba opindikira m'mwamba ofiira ndi achikasu ngati malawi a moto. Nalonso chitsinde chake chimapha, ndipo choopsa n'chakuti chimafanana ndi chakudya. Ana aziona ndi maso, asakumbe. M'madambo a kumtunda mumamera maluwa a chinaka, amene timizu take tozungulira anthu amakumba n'kupanga chikande. Malonda ake akula kwambiri, makamaka opita ku Zambia, ndipo pamene pakumbidwa chaka ndi chaka maluwawo sabwereranso.

Tisanamizane: ngakhale zizindikiro za gulu lachiwirili sizilowa m'malo mwa khasu. Zikaoneka, pitani m'munda mukumbe. Dothi likanyowa kuzama kwa chikhatho chonse, ndiye nkhani ya kubzala yayamba. Alangizi amakonda kunena za mvula yokwana mamilimita 25 kapena 30 yogwa m'masiku ochepa otsatana. Mverani ulosi wa a zanyengo pa wailesi, muphatikize ndi zimene maso anu aona. Ndipo kumbukirani kuti mvula ya kuphiri si ya kunyanja. Inswa zikhoza kutuluka ku Ntchisi kwathu kuno fumbi lili koboo.

Nsadzu ndi njuchi

M'nkhalango ya miombo mukhoza kukumana ndi kambalame kotuwira, ka nthenga zoyera m'mbali mwa mchira, kakulira mosalekeza n'kumadumpha mtengo ndi mtengo patsogolo panu. Ameneyo ndi nsadzu, Ayao amati sego. Akukuitanani ku njuchi. Iye amafuna phula ndi ana a njuchi, koma kutsegula mphako sangathe. Zimene makolo athu ankanena za mbalameyi asayansi anazitsimikiza. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi alenje a uchi a Chiyao m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kawo, kunjenjemeretsa milomo kuti "brrr" kenaka n'kudzuma kuti "hm". Anapeza kuti poyenda akuitana chonchi, mwayi wopeza njuchi unkakwera katatu poyerekeza ndi pamene ankangopanga phokoso lina lililonse. Mbalame yakutchire, yosawetedwa ndi munthu, ikumva chinenero cha anthu.

Nyengo ino njuchi zili pa ntchito yaikulu chifukwa mitengo ya miombo ili pa maluwa, ndipo uchi wake umafulidwa cha mu Novembala ndi Disembala. Vuto ndi kafulidwe. Wina amagwetsa mtengo wonse chifukwa cha chisa chimodzi, wina amasiya muuni wake ukufuka, phiri lonse n'kupsa. Wina amasenda khungwa kuzungulira mtengo kuti apange mng'oma, mtengowo n'kuuma. Ming'oma ya matabwa imachotsa zonsezi. Ife a kunyanja zikutikhudza chifukwa maungu, nkhaka, mpendadzuwa ndi mango athu sizibereka bwino popanda njuchi. Opopera mankhwala m'madimba azipopera madzulo njuchi zitabwerera, osati m'mawa maluwa ali otseguka.

Pamwamba pa phiri la Ntchisi

Nkhalango ya Ntchisi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1924. Mbali yaikulu ndi miombo, koma pamwamba pali kachigawo ka nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo italiitali, mikuyu ndi akachere ozengereza mitengo inzawo, ndi zilambe zolendewera. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawiramo nkhondo za Angoni. Mukangolowamo kutentha kumatha, pansi pali chinyontho ngakhale mu Okutobala. Mudzamva nkulukulu akukhosomola m'mitengo, ndipo akauluka mudzaona mapiko ofiira pa thupi lobiriwira. Muli anchima, ndi agulugufe akuluakulu amene kwathu kuno sitiwaona.

Chofunika kuona pano si mbalame ayi, koma pansi. Fukulani ndi dzanja: masamba owola, timizu, dothi lakuda lofewa. Mvula ikagwa apa sithamanga, imalowa, n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe chaka chonse. Kenaka tulukani m'nkhalangomo mukaime pa chitunda chimene mitengo inatha ndi makala, muone mizere ya zigwembe ndi miyala ili poyera. Dothi limene linali pamenepo lili kwathu. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, koma thumba la makala likatsika phiri ogula ake ena ndife tomwe, ndipo nkhuni zowambira nsomba sizimera m'madzi.

Kufunsa mtsinje

Ili ndi gawo limene tikufuna kuti banja lililonse liyesere, chifukwa silifuna ndalama ndipo limanena za nsomba zathu mwachindunji.

Pezani kamtsinje koyenda pa miyala, posaya. Tengani mbale yoyera muthiremo madzi pang'ono. Nyamulani mwala wokwana m'manja kuchokera pamene madzi akuthamanga, muutembenuze, mutsukire zapansi pake m'mbalemo. Dikirani pang'ono, muona tinthu tikuyenda. Ambiri ndi ana a tizilombo touluka, amene amakulira m'madzi monga amachitira ana a udzudzu ndi a nkhungu.

Mukaona tizilombo taphanthiphanthi ta miyendo 6 ndi timichira titatu tonga ulusi, kapena tina ta timichira tiwiri tokakamira pamwala, dziwani kuti madziwo ndi abwino. Timeneti timapuma ndi timakha tofewa, ndipo matope kapena mankhwala akangolowa ndito timayamba kufa. Muonanso tinyumba ting'onoting'ono tomangidwa ndi mchenga kapena tizitsotso, tomatirira pamwala, m'kati muli kambozi: nachonso ndi chizindikiro chabwino. Ana a tombolombo, a mutu waukulu ndi maso otuluka, amapirira pang'ono, choncho amapezeka m'madzi abwino ndi apakatikati omwe. Nkhanu zili chimodzimodzi. Koma mukapeza kuti pansi pa miyala pali thope loterera lokhalokha, ndipo zamoyo zake ndi tinyongolotsi tofiira ndi misundu basi, mtsinjewo ukudwala. Ku South Africa njira imeneyi anaikonza bwino kuti ana asukulu aziigwiritsa ntchito, amaitcha miniSASS. Mukatha kuona, bwezerani madziwo ndi miyalayo momwe munaipezera.

Yesani malo atatu pa mtsinje umodzi: potulukira m'nkhalango, pakati pa minda, ndi kumunsi kwathu. Kusiyana kwake kudzakuuzani zambiri. Yang'ananinso m'mbali. Pamene katope, mikuyu, nsungwi ndi mabango zidakalipo, gombe limakhala lolimba ndipo madzi ndi ozizira. Pamene alima mpaka m'madzi, gombe limagumuka chaka ndi chaka.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi mphika wathu? Mpasa ndi sanjika zimakulira m'nyanja koma zimakwera mitsinje kukaswana. Mpasa umaikira mazira pa timiyala, m'madzi osaya, oyera ndi oyenda. Thope likakuta timiyalato mazira amasowa mpweya n'kufa, ndipo tiana timene taswa timadya tizilombo tomwe tija taona m'mbale. Mtsinje wopanda tizilomboti ndi nkhokwe yopanda chimanga. Bua adakali ndi mpasa makamaka chifukwa chigawo chake cha kumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Achikulire athu akukumbukira ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja muno. Nayonso inkakwera mitsinje ndi madzi oyamba osefukira, ndipo kutchinga pakamwa pa mitsinje pamodzi ndi kuwonongeka kwa mitsinjeyo zinaigwetsa. Lero ana ambiri ntchila amangoimva dzina.

Chilimwe chino, madzi ataphwera m'maiwe, ndi nthawi imene ena amathira katupe. Lamulo limaletsa, ndipo chifukwa chake muchiona m'mbale ija: katupe sasankha, amapha nsomba yaikulu, tiana take ndi chakudya chake chomwe. Kutsuka sipuleya mumtsinje ndi mlandu womwewo. Anzathu a ku Mbenji, pansi pa Mfumu Makanjira ya ku Salima, akhala akutseka chilumba chawo m'dzinja kwa zaka zambirimbiri, ndipo phindu lake aliyense amaliona akatsegulira. Koma nsomba yoswana mumtsinje singatetezedwe ndi BVC ya padoko yokha. Makomiti athu ayenera kumadziwana ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi ya kumtunda kwa mtsinje womwewo, kuyenderana ndi kumva mavuto awo, pakuti wowotcha makala naye ali ndi ana ofuna kudya.

Zolemba m'kope

Maso amaiwala, kope siliiwala. Mwana mmodzi pabanja kapena pamadrasa akhale mlembi. Tsamba ligawidwe pawiri, mbali ina ya zotsata dzuwa, ina ya zotsata mvula. Chinthu chilichonse chilembedwe ndi tsiku ndi malo ake: tsiku loyamba kuona namzeze wa pakhosi pofiirira, tsiku loyamba kumva mbalame ya mawu atatu, tsiku la chizimalupsa, la inswa, la adokowe, la bowa woyamba wa ndelema pamsika. Pansi pake lembani tsiku limene munabzala ndi mmene mbewu inamerera, ndiponso tsiku limene mtsinje wa kwanu unafika ndi madzi ofiira koyamba, ndi masiku amene unatenga kuti uyere.

Dzina likakusowani musasiye kulemba. Fotokozani kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena khwangwala, maonekedwe a mlomo ndi mchira, chimene chimachita ndi pamene chinali. Kenaka funsani agogo. Mudzapeza kuti mbalame imodzi ili ndi dzina la Chichewa ku Ntchisi, lina la Chiyao ku Salima, lina la Chitonga kumpoto kwa Dwangwa, ndipo onsewo alembeni. Amene muli ndi foni jambulani kulira kwake, chifukwa achikulire ambiri mbalame amaizindikira ndi khutu kuposa chithunzi.

Chaka chimodzi kope limeneli silinena zambiri. Likafika zaka zitatu kapena zinayi mudzayamba kuona kuti pa mudzi wanu pamadutsa masiku angati kuchokera pa inswa zoyamba kufika pa mvula yobzalira, ndiponso ngati madzi a mtsinje wanu akumachedwa kuyera kuposa kale. Insha Allah, makope amenewa tidzawayerekeze pa misonkhano ya BVC mu Epulo, anamzeze akamasonkhana pa mawaya kukonzekera ulendo wobwerera.